Kalondolondo wa fuluwenza: malipoti a sabata ndi sabata akutiuza chiyani, nanga katemera abayidwe liti?

Mayi Kalua:
Moni nonse pagulu pano. Pali funso lomwe limabwera chaka ndi chaka, lakuti: "Malipoti akuonetsa kuti odwala fuluwenza ndi ochepa, ndiye katemera tithamangiranji?" Funsoli lili ndi vuto patsinde pake, chifukwa lipoti lomwe mukuwerenga lero silinena za lero. Munthu akatenga kachilomboka pamapita tsiku limodzi mpaka masiku 4 asanayambe kumva m'thupi. Ambiri amayamba adikira kaye kunyumba masiku awiri kapena atatu. Akafika kuchipatala, zoyeza zimafunika ziyende mpaka ku labotale, ziyezedwe, zotsatira zisonkhanitsidwe kumapeto kwa sabata, lipoti n'kudzatuluka sabata yotsatira. Ndiye chiwerengero cha lero ndi cha anthu amene anatenga matendawa masabata awiri kapena kuposerapo apitawo. Pamwamba pa izo, katemera amafuna masabata awiri kuti chitetezo chikhwime. Amene akudikira kuti mzere wa pa girafu uyambe kukwera, akamadzatetezeka mwezi wathunthu umakhala utapita, ndipo mwezi umenewo ndi umene matendawa amafala mofulumira kwambiri.

A Tembo:
Zikomo mayi. Koma ndifunseko poyambira penipeni. Si aliyense wotsokomola amene amayezedwa, ndipo chimfine wamba chimafanana ndi fuluwenza. Ziwerengerozi zimachokera kuti?

A Chirwa:
A Tembo, palibe dziko limene limawerenga wodwala aliyense. Chomwe chimachitika n'chakuti amasankha zipatala zochepa, zomwezomwezo chaka ndi chaka, kuti zizipereka malipoti sabata iliyonse motsatira tanthauzo limodzi la wodwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka matanthauzo awiri.

Loyamba ndi ILI, la odwala amene athandizidwa n'kubwerera kwawo: thupi lotentha madigiri 38 kapena kuposa, ndipo kutenthako kwayezedwa ndi chipangizo, pamodzi ndi kutsokomola, zonsezi zitayamba m'masiku 10 apitawo. Lachiwiri ndi SARI, la odwala ogonekedwa: kutsokomola, kutentha thupi koyezedwa kapena komwe wodwala wangofotokoza, m'masiku 10 omwewo, ndipo matenda afika poti munthu agonekedwe.

Pa ILI mawu akuti "kwayezedwa" ndi amene anthu amaphonya. Wodwala akanena kuti usiku thupi linatentha koma patebulo chipangizo chikuonetsa 37.2, salowa m'kaundula wa ILI, ngakhale wogwira ntchitoyo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi fuluwenza. Zimaoneka ngati kuuma mtima, komatu cholinga si kupeza wodwala aliyense. Cholinga n'chakuti muyezo wa sabata ino ufanane ndi wa sabata ngati yomweyi chaka chatha. Chipatala chimodzi chikangoyamba kulemba aliyense wa mamina, girafu imakwera popanda chomwe chasintha kunjako.

Chachiwiri chomwe chimaiwalika ndi chiwerengero cha pansi, cha odwala onse amene abwera sabata imeneyo. Odwala 40 a ILI pa anthu 400 ndi 10 peresenti. Odwala 40 omwewo pa anthu 1,600 ndi 2.5 peresenti. Lipoti longonena kuti "40" silikuuzani kanthu.

A Gondwe:
Ndionjezere mbali ya labotale, chifukwa ILI payokha siyisiyanitsa fuluwenza ndi RSV (kachilombo kena ka chifuwa), COVID-19 kapena tizilombo ta chimfine wamba. Mwa odwala aja amasankhapo ena n'kuwatenga zoyeza, ndipo kasankhidwe kake kayenera kukhala ka lamulo lokhazikika, monga odwala asanu oyambirira patsiku, osati amene wogwira ntchito akuona kuti "uyu ndiye akuonekadi". Mukasankha ndi maso, chiwerengero cha opezeka nako chimafufuma.

Katengedwe kake. Kamtengo kopukutira kakhale ka nsonga ya nayiloni kapena poliyesita, thupi lake la pulasitiki kapena aluminiyamu. Ka thonje kokhala ndi thupi la mtengo weniweni n'kosayenera, chifukwa kamatha kusokoneza PCR, njira ya ku labotale yopezera majini (malangizo a chibadwa) a kachilombo. Wodwala apendeketse mutu chakumbuyo pang'ono. Kamtengoko kalowe m'mphuno cholunjika kumbuyo, motsata pansi pa mphuno ngati kakulowera kukhutu, osati chokwera m'mwamba kumaso. Kakafika pogunda, katembenuzeni kangapo, kakhale masekondi ochepa, kenako katulutseni, n'kukathyolera m'kabotolo ka madzi osungira kachilombo. Ambiri amangopukuta pakhomo pa mphuno pofuna kuti wodwala asamve kuwawa, ndiye amatenga mamina okhaokha opanda maselo okwanira.

Nthawi yabwino ndi m'masiku atatu kapena anayi oyambirira a matenda, pamene kachilombo kali kochuluka. Kabotolo kakhale pa madigiri 2 mpaka 8 ndipo kafike ku labotale pasanathe maola 72. Kakachedwa kuposa apo, kaumitsidwe pa madigiri 70 pansi pa ziro. Filiza wamba wa madigiri 20 pansi pa ziro ndi woipa kwambiri pa ntchitoyi, makamaka uja wosungunula yekha madzi oundana, chifukwa kuuma ndi kusungunuka mobwerezabwereza kumapha kachilombo. PCR mwina idzaonetsabe kuti kalimo, koma sikadzameranso akafuna kukakulitsa kuti akaunike bwino.

Dr. Nkhoma:
Bambo Gondwe anena za PCR. Pa zipangizo zoyezera mwachangu, zija zotulutsa zotsatira pa mphindi 15, tisamale. Za mtundu wakale zimagwira pafupifupi 50 mpaka 70 mwa odwala 100 alionse amene alidi ndi fuluwenza. Ndiye nyengo ya fuluwenza ili pachimake, chipangizo chikanena kuti mulibe, musakhulupirire msanga. Nyengo ikakhala isanayambe, n'chosemphana: chikanena kuti alimo, tsimikizani ndi PCR. Apa mpamene kalondolondo amathandiza wa m'chipinda choonera odwala. Zotsatira zomwezo zimawerengedwa mosiyana malinga ndi mmene matenda akufalira sabata imeneyo.

Ndipo wodwala wogonekedwa, mayi woyembekezera, wokalamba kapena wa matenda okhalitsa asadikire zotsatira kuti ayambe mankhwala. Oseltamivir amagwira bwino akayambidwa m'maola 48 oyambirira, wamkulu 75 mg kawiri patsiku kwa masiku 5, koma kwa wodwala kwambiri amaperekedwabe ngakhale maola 48 atadutsa.

A Tembo:
Ndamva. Nanga zoyezazo zikatha kuyezedwa, zimakathera kuti? Zikukhudzana bwanji ndi katemera?

A Gondwe:
Mpamene pagona nkhani, achimwene. Kuyambira 1952 pali mgwirizano wa malabotale pansi pa WHO, womwe lero umatchedwa GISRS. Labotale yaikulu ya dziko lililonse lomwe lili mumgwirizanowu imalemba zotsatira zake sabata ndi sabata pa nkhokwe ya malipoti yotchedwa FluNet, yomwe inayamba mu 1997 ndipo aliyense atha kuiona pa intaneti. Imasankhanso tizilombo tina n'kutumiza ku malabotale akuluakulu monga a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Kumeneko amawerenga majini a kachilombo ndi kuyesa ngati chitetezo chobwera ndi katemera wa panopa chikukazindikirabe.

Pakhungu pa kachilombo ka fuluwenza pali mapuloteni awiri, hemagglutinin ndi neuraminidase, eni ake a zilembo H ndi N za m'maina monga H3N2. Kachilomboka kakamaswana kamalakwitsa pokopera majini ake ndipo sikakonza zolakwikazo, ndiye hemagglutinin amasintha pang'onopang'ono mpaka chitetezo cha chaka chatha sichimugwiranso bwino. N'chifukwa chake akatswiri amakumana kawiri pachaka: mu February kusankha tizilombo ta katemera wa maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu September ta maiko a kummwera. Kuchokera apo makampani amafuna miyezi pafupifupi 6 kuti apange, ayeze ndi kutumiza katemera. Ambiri mwa katemerayu amakulitsidwabe m'mazira a nkhuku okhala ndi mwana.

Katemera wa masiku ano amakhala ndi mitundu itatu: A(H1N1)pdm09, A(H3N2) ndi B/Victoria. Wachinayi unali B/Yamagata, koma chiyambire March 2020 palibe pomwe watsimikizika kuti wapezeka, ndipo mu September 2023 akatswiri a WHO analangiza kuti achotsedwe. Chigamulo chimenecho chinatheka chifukwa malabotale ambirimbiri anapitiriza kuyeza n'kumalemba kuti sanampeze.

Apa ndikhale ngati ndikudandaula pang'ono. Tizilombo totumizidwa mochedwa, msonkhano utadutsa kale, sitithandiza pa chisankho cha nyengo imeneyo. Labotale yosunga zoyeza kuti zichuluke kaye n'kudzatumiza kamodzi pachaka imataya phindu lalikulu la ntchito yake yomwe. Ndi bwino kutumiza zochepa, zatsopano, masabata angapo msonkhano usanafike.

Mayi Msiska:
Zonsezi n'zomveka, koma tiyeni tinene chilungamo. Chaka chabwino katemerayu amachepetsa mwayi wodwala mpaka kupita kuchipatala ndi 40 mpaka 60 peresenti. Nyengo ya 2014 mpaka 2015 ku America anangofika pafupifupi 19 peresenti, chifukwa H3N2 inasintha chisankho chitapangidwa kale. Yerekezani ndi katemera wa chikuku, amene akabayidwa kawiri amateteza pafupifupi 97 pa 100 alionse. Munthu wowerenga akakufunsani kuti "theka lokha?", mumuyankha chiyani osamunamiza?

A Chirwa:
Choyamba timuonetse komwe nambalayo imachokera, mayi, chifukwa ambiri amaimva molakwika. Siyitanthauza kuti theka la obayidwa lidzadwala. Imawerengedwa pa odwala amene abwera kuchipatala ndi zizindikiro, n'kuyezedwa onse. Tiyerekeze, manambala awa ndi ongophunzitsira. Mwa anthu 200 opezeka ndi fuluwenza, 60 anabayitsa, 140 sanabayitse: 60 kugawa ndi 140 ndi 0.43. Mwa anthu 400 amene sanapezeke nayo, 200 anabayitsa, 200 ayi: yankho ndi 1. Gawani 0.43 ndi 1, chotsani pa 1, mupeza 0.57, kutanthauza 57 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa anthu awiri ofanana msinkhu ndi thanzi, wobayitsayo mwayi wake wodwala fuluwenza yofika nayo kuchipatala ndi wochepera theka la wa mnzakeyo.

Njirayi ili ndi poterera. Ngati kaundula sanalembe tsiku lobayira, munthu amene anabayitsa masiku 5 asanadwale amawerengedwa ngati wotetezeka pamene chitetezo chinali chisanakhwime, ndipo katemera amaoneka wofooka kuposa mmene alili. N'chifukwa chake obayidwa pasanathe masiku 14 amapatulidwa. Komanso amene amabayitsa kwambiri ndi okalamba ndi odwaladwala, ndiye popanda kukonza masamu malinga ndi msinkhu ndi matenda ena, katemera amasenza mlandu wosakhala wake.

Dr. Nkhoma:
Chachiwiri, mayi Msiska, timuuze kukula kwa chomwe tikudula pakatiyo. WHO imati chaka chilichonse anthu pafupifupi 1 biliyoni amadwala fuluwenza, 3 mpaka 5 miliyoni amadwala kwambiri, ndipo 290,000 mpaka 650,000 amamwalira ndi matenda a m'mapapo obwera nayo. Theka la chinthu chachikulu chotere si laling'ono. Ngakhale 19 peresenti ija, pa matenda ogwira anthu mamiliyoni, ndi mabedi ambiri a m'chipatala amene sanagonedwe.

Ndipo nambala ya imfayo ndi ya m'mapapo mokha. Fuluwenza imatupitsa thupi lonse mkati, imakoka mtima, imasokoneza shuga, imadzutsa mphumu. Kafukufuku wa ku Ontario ku Canada wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti m'sabata yoyamba munthu atapezeka ndi fuluwenza, ogonekedwa chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima amachuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Pachikalata cha imfa ya munthu wotere amalembapo mtima, fuluwenza osatchulidwa n'komwe. Ichi n'chifukwa chake owerengera amayang'ananso imfa zonse za sabata iliyonse, n'kuona mmene zapyolera mlingo wa nthawi zonse m'nyengo ya fuluwenza.

Pa H3N2 mwanena zoona, ndiye wovuta. Amasintha msanga, ndipo akamakulitsidwa m'mazira amatha kusinthanso kuti azolowere dziralo, n'kusiyana pang'ono ndi amene akuyenda mwa anthu. Katemera wokulitsidwa m'maselo ndi wopangidwa popanda kachilombo kamoyo anabwera pofuna kuzemba vuto limeneli. Ine sindiona chifukwa chobisira munthu zimenezi. Amene wauzidwa kuti katemera ndi khoma losaboola, akadwala kamodzi sadzabweranso.

Mayi Msiska:
Pamenepo tagwirizana, adokotala. Kulonjeza mopyola muyezo n'kumene kumagwetsa chikhulupiriro cha anthu.

Mayi Mwale:
Ndilowe ndi za patebulo lobayira, chifukwa katemera wosankhidwa bwino atha kuonongeka m'manja mwathu.

Wa jekeseni wamba ndi 0.5 mL, ndipo muli mamaikirogalamu 15 a hemagglutinin pa mtundu uliwonse. Wa okalamba wa mphamvu yoonjezera muli 60 pa mtundu uliwonse, chifukwa chitetezo cha munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo sichidzuka msanga. Ana aang'ono a miyezi 6 mpaka 35, katemera wina amalamula 0.25 mL, wina 0.5 mL, choncho werengani pepala la m'bokosi, musadalire chizolowezi. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 8 amene akubayidwa koyamba amafunika kubayidwa kawiri, motalikirana masabata 4 kapena kuposa. Kubaya kwachiwiriku n'kumene kumasowa kwambiri, makolo amaganiza kuti zatha. Lembani tsiku lobwereranso pakhadi mwana asanachoke. Khanda losakwana miyezi 6 silibayidwa. Chitetezo chake chimachokera kwa mayi ake ngati anabayitsa ali oyembekezera, mwezi uliwonse wa pakati, komanso kwa a m'nyumba amene abayitsa.

Wamkulu timabaya mumnofu wa paphewa. Pezani kafupa kosongoka pamwamba pa phewa, tsikani zala ziwiri kapena zitatu, bayani pakati pa mnofuwo, singano itaima chilili. Kwa akuluakulu ambiri singano ya 25 mm imakwana. Mukabaya m'mwamba kwambiri, mankhwala amalowa m'kathumba ka mfundo ya phewa, ndipo munthu amavutika ndi phewa kwa miyezi. Vuto limeneli limachitika kawirikawiri wobaya akaimirira pamene wobayidwa wakhala pansi, kapena munthu akangokoka khosi la malaya m'malo mopinda mkono wonse. Nonse awiri mukhale pansi, phewa lionekere lonse. Khanda timabaya pantchafu, kutsogolo chakumbali.

Wopopera m'mphuno ndi wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa, kawirikawiri 0.1 mL mphuno iliyonse. Sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 2, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Amenewa alandire wa jekeseni.

Kasungidwe: madigiri 2 mpaka 8, ndipo asaume. Anthu amaopa kutentha n'kuiwala kuti kuzizira kopyola kumaononganso. Bokosi logunda kukhoma la kumbuyo kwa filiji, kapena botolo logona pa paketi ya madzi oundana yongotuluka kumene mufiliza, limauma. Paketiyo iyambe yakhala panja mpaka muzimva madzi akukhuchumuka mukaigwedeza. Ndipo musadalire njira ija yogwedeza botolo poona ngati linaumapo. Njira imeneyo imagwira pa katemera wokhala ndi aluminiyamu, monga wa kafumbata. Wa fuluwenza wamba alibe aluminiyamu, ndiye akasungunuka amaoneka bwinobwino ngati sanaume. Umboni wokha ndi chipangizo cholemba kuzizira kwa m'filiji, chowerengedwa m'mawa ndi madzulo.

A Tembo:
Mayi Mwale, nanga aja amati "ndinabayitsa, mawa lake ndinadwala chimfine"? Ndi ambiri onena zimenezi.

Mayi Mwale:
Wa jekeseni mulibe kachilombo kamoyo, sangayambitse fuluwenza. Koma tisamutsutse munthuyo ngati akunama, chifukwa nthawi zambiri anamvadi kanthu. Mkono kuwawa, thupi kuphwanya, kutentha pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, chimenecho ndi chitetezo chikudzuka. Ena amakhala atatenga kale kachilombo asanabayidwe kapena m'masabata awiri aja. Enanso adwala kachilombo kena kosakhudzana ndi katemerayu, poti nyengo yobaya ndi yomweyo imene tizilombo tambiri ta chifuwa timafala. Muuzeni zonsezi musanamubaye, osadikira kuti adzabwere atakwiya.

Zoopsa zenizeni zilipo koma n'zosowa kwambiri. Thupi kukana mankhwala mwadzidzidzi mpaka kubanika kumachitika pafupifupi kamodzi pa jekeseni 1 miliyoni, n'chifukwa chake munthu adikire mphindi 15 ndipo mankhwala a adrenaline akhale pafupi. Matenda ofooketsa mitsempha a Guillain-Barré amaonjezereka ndi munthu mmodzi kapena awiri pa 1 miliyoni obayidwa, ndipo fuluwenza yeniyeniyo imatha kuwayambitsanso. Amene anadwalapo matendawa m'masabata 6 atabayidwa katemera wa fuluwenza, ayambe akambirana ndi dokotala.

Mayi Kalua:
Ndibwerere pa nthawi yobayira, poti mpamene tinayambira. Maiko a nyengo yozizira yodziwika bwino savutika kwambiri. Kumpoto fuluwenza imakonda kufika pachimake pakati pa December ndi February, kummwera miyezi ya pakati pa chaka. M'maiko otentha a pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, kachilomboka kamatha kuyenda chaka chonse, kapena kukwera kawiri pachaka, m'madera ena motsatira mvula. Dziko lotere silingangokopera kalendala ya ena. Liyenera kutenga malipoti ake a zaka zingapo, zisanu ngati zilipo, kusanjikiza magirafu a chaka ndi chaka, n'kuona miyezi imene matenda amayamba kukwera nthawi zambiri. Kenako lisankhe katemera wa kumpoto kapena wa kummwera potengera amene ali watsopano kwambiri pa nthawi yofunika kubaya, osati potengera mbali imene dzikolo lili pamapu.

Posanjikiza magirafu, zaka zosokonezeka zichotsedwe. Chaka cha 2009 chinali cha mliri wa H1N1. Mu 2020 ndi 2021 fuluwenza inatsika kwambiri padziko lonse chifukwa cha njira zopewera COVID-19, ndipo itabwerera inayamba nthawi zachilendo m'maiko angapo. Mukaphatikiza zaka zimenezo, mzere wosonyeza kuti nyengo yayamba umakhala pamalo olakwika.

Mayi Msiska:
Koma mayi Kalua, mukamalimbikira kuti tisachedwe, ena amva ngati kufulumira kulikonse n'kwabwino. Chitetezo cha katemerayu chimatsika miyezi ikamapita, makamaka mwa okalamba ndiponso pa H3N2. Wobayidwa miyezi inayi nyengo isanayambe adzafika kumapeto kwa nyengo ali wopepuka.

Mayi Kalua:
Mwachita bwino kunena. Mpata wake ndi wa masabata angapo nyengo isanayambe, osati miyezi yambiri. Ku America, bungwe loona za matenda la CDC limalangiza September ndi October kwa anthu ambiri, ndipo limati akuluakulu, makamaka a zaka 65 kupita m'tsogolo, asathamangire July kapena August pokhapokha ngati sadzapezanso mpata. Oyenera kuyamba msanga ndi ana ofunika kubayidwa kawiri, kuti masabata 4 aja athe nyengo isanafike, ndi amayi amene ali m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, kuti khanda libadwe ndi chitetezo. Chomwe ndikukana ine ndi kugwiritsa ntchito lipoti la sabata ino posankha tsiku lobayira. Tsikulo limasankhidwa ndi malipoti a zaka zam'mbuyo. Lipoti la sabata ino ntchito yake ndi ina: kuuza chipatala kuti chikonze mabedi, mpweya ndi mankhwala, kuuza dokotala mmene angawerengere zotsatira, ndi kuchenjeza ngati nyengo yafika msanga kuti amene sanabayitse afulumire.

A Chirwa:
Pa kawerengedwe ka lipoti la sabata, zinthu zingapo zimapusitsa anthu. Kadontho komaliza pa girafu pafupifupi nthawi zonse kamaoneka kotsika, chifukwa zipatala zina zimakhala zisanatumize malipoti, ndipo sabata yotsatira kamakonzedwa n'kukwera. Musalengeze kuti nyengo yatha chifukwa cha kadontho kamodzi. Dikirani masabata awiri kapena atatu otsika motsatizana. Sabata ya tchuthi imasokonezanso: obwera kudzaonedwa matenda okhalitsa amachepa, odwala mwadzidzidzi amabwerabe, ndiye peresenti ya ILI imadumpha yokha. Komanso ngati zoyezedwa sabata imeneyo n'zochepa, tinene 8, peresenti yake siyodalirika. Zoyeza ziwiri zokha zimaisuntha ndi 25.

Kufala ndi kuopsa ndi zinthu ziwiri. ILI ikhoza kukwera kwambiri pamene ogonekedwa ndi ochepa, kapena ILI n'kukhala yapakatikati pamene mawodi a okalamba adzaza, zomwe zimachitika kawirikawiri m'nyengo za H3N2. Onani zonse ziwiri, ndipo muziona mogawa misinkhu. Kawirikawiri ana a sukulu ndiwo amayamba, akuluakulu n'kutsatira.

Pa njira zatsopano, phunziro la Google Flu Trends lisaiwalike. Inayamba mu 2008, ikuyerekeza kufala kwa fuluwenza potengera zomwe anthu akufufuza pa intaneti. M'nyengo ya 2012 mpaka 2013 inakweza chiwerengero mopyola kwambiri, ndipo mu 2015 inasiya kufalitsa zotsatira. Anthu amafufuza za matenda akamva nkhani pawailesi, osati akadwala pokha. Kuyeza madzi a m'mipope ya zimbudzi n'kothandiza chifukwa sikudikira munthu kupita kuchipatala, koma sikunena msinkhu wa odwala kapena kukula kwa matenda awo, ndipo kachilombo ka mtundu A kopezeka mmenemo katha kuchokera ku mbalame kapena ziweto. Njira zimenezi zimathandizira, koma palibe imene ingapereke kachilombo kamoyo koti kakaunikidwe posankha katemera.

A Gondwe:
Pali chinthu chimodzi chimene labotale siyenera kuchigoneka patebulo. PCR ikaonetsa kuti ndi fuluwenza A, kachilombo n'kochuluka bwino, koma sikakugwirizana ndi H1 kapena H3, bwerezani kuyeza, ndipo zikatulukanso chimodzimodzi tumizani msanga ku labotale yaikulu n'kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo tsiku lomwelo. Katha kukhala kachilombo kochokera ku nkhumba kapena mbalame, monga H5N1. Umu ndi mmene kachilombo ka mliri wa 2009 kanadziwikira, mwa ana awiri a ku California mu April chaka chimenecho. Malamulo a zaumoyo a maiko onse a 2005 amafuna kuti munthu aliyense wopezeka ndi mtundu watsopano wa fuluwenza anenedwe ku WHO. Pafomu ya wodwala funso lakuti ngati anakhudza nkhuku, mbalame kapena nkhumba zodwala lisamasiyidwe lopanda yankho. Katemera wa chaka ndi chaka sateteza ku H5N1, komabe ogwira ntchito ndi ziweto amalangizidwa kubayitsa, kuti mitundu iwiri isakumane m'thupi limodzi n'kusinthana majini.

A Tembo:
Funso lomaliza kwa ine. Katemera akakhala wochepa, ayambe ndani? Nanga munthu amene wachedwa, nyengo yafika kale pakati, kapena wadwala kale chaka chino, abayitsebe?

Dr. Nkhoma:
Magulu amene WHO imaika patsogolo ndi ogwira ntchito zachipatala, amayi oyembekezera, okalamba, ndi anthu a matenda okhalitsa monga a mtima, a m'mapapo, a impso, shuga ndi HIV. Ana aang'ono, makamaka osakwana zaka 5, ndi gulu linanso lofunika. Ogwira ntchito zachipatala ali pamndandanda pa zifukwa ziwiri. Munthu amayamba kupatsira ena tsiku limodzi asanamve kudwala, ndipo amapitiriza kwa masiku 5 mpaka 7, ndiye namwino wooneka wathanzi atha kulowetsa kachilombo muwodi ya odwala osatha kudziteteza. Komanso sabata imene odwala achuluka ndi yomweyo imene antchito amadwala.

Wochedwa abayitsebe, bola kachilombo kakuyendabe. Nyengo zambiri zimayamba ndi mtundu A, kenako B n'kudzakwera chakumapeto. Wodwala kale nayenso abayitse, chifukwa anadwala mtundu umodzi mwa itatu, ndipo ngati sanayezedwe mwina sinali fuluwenza n'komwe.

Kwa amene akusamalira wodwala kunyumba: mankhwala opha mabakiteriya sagwira fuluwenza, ndipo mwana asapatsidwe asipirini chifukwa cha matenda a Reye, oononga chiwindi ndi ubongo. Chizindikiro chofunika kuchidziwa ndi cha munthu amene anayamba kupeza bwino, kenako thupi n'kutenthanso, chifuwa n'kukula, kupuma n'kuvuta. Nthawi zambiri chimenecho ndi chibayo cha mabakiteriya chobwera pambuyo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. M'madera a malungo, kutentha thupi kuyezedwe malungo ngakhale munthu akutsokomola.

Mayi Mwale:
Kuonjezera pa za wochedwa: wa chimfine chochepa wopanda kutentha thupi atha kubayidwa tsiku lomwelo. Wotentha thupi kwambiri adikire mpaka kutenthako kuthe. Katemera wa fuluwenza atha kuperekedwa tsiku limodzi ndi wa COVID-19 kapena wa chibayo, wina mkono uwu wina mkono uwo, kapena ngati ndi mkono umodzi, motalikirana masentimita awiri ndi theka. M'kaundula lembani tsiku, dzina la katemera, nambala ya gulu lomwe botolo linapangidwira ndi mkono womwe mwabaya. Botolo la anthu ambiri lilembedwe tsiku lotsegulira, ndipo onaninso chaka cholembedwa pabokosi, chifukwa mabotolo otsala a nyengo yatha amafanana kwambiri ndi atsopano akakhala pashelefu imodzi m'filiji.